Chingerezi cha a NyaZgambo

Engutwini,
Mzimba.

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wochokera kwa ine mwana wanu. Kodi muli bwanji kumeneko ku Linthipe? Miyendo ija ikutupabe, kapena mankhwala amene anakupatsani kuchipatala ayamba kugwira ntchito? Achimwene a Bestone anandiuza kuti masabata apitawa simunathe kufika kutchalitchi. Musamadzikakamize kupita kudimba, Amayi. Alamu alipo, ana aliponso. Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ndiye suli m'malo.

Ndikudziwa kuti mwakhala mukudandaula kuti masiku ano ndikaimba foni ndimangopereka moni n'kudula. Simukunama. Pali nkhani imene ndalephera kuinena ndi pakamwa. N'chifukwa chake ndalemba. Kalatayi ndapatsira a Rachel, anamwino a kuno amene kwawo ndi ku Dedza boma. Achimwene akuwerengereni mosathamanga.

Kuno kukuzizirabe ngakhale tili mu Ogasiti, ndipo mphepo yake ikung'amba milomo. Sukulu tinatsekera. Kumapeto kwa mwezi ndinapita ku Mzimba Boma, ndinapeza shuga kulibe m'mashopu ambiri, ndipo a njinga zamoto akweza mtengo ati mafuta akuvuta. Pobwerera ndinakwera lole ya chimanga, ndinafika ndili mbuu ngati ndagwa m'phulusa. Chiswe chalowanso m'mitengo ya denga langa. Koma zimenezi ndi zazing'ono.

Mukukumbuka zija ndinakuuzani chaka chatha, kuti kupatula ntchito ya kusukulu, a bungwe lina anandipempha kuti ndiziyang'anira gulu la amayi ophunzira Chingerezi pafoni? Anatipatsa timafoni ta mabatani ndi sola imodzi yotchajira. M'mafonimo mumabwera maphunziro a mawu okhaokha. Mayi wina amanena chiganizo m'Chingerezi, n'kuchimasulira m'Chitumbuka, kenako amakhala chete kuti wophunzira abwereze. Amayi a kuno anamupatsa dzina mayi wa m'foniyo, ati NyaFoni, monga mmene amaitanirana okhaokha ndi chiwongo. Tinkakumana Lachitatu masana kuseri kwa tchalitchi, pafupi ndi chulu chachikulu, chifukwa ndi pokhapo pamene netiweki imagwira.

Aliyense anabwera ndi chifukwa chake. Kuno pafupifupi khomo lililonse lili ndi mwana ku Joni, ndiye atsikana ena amafuna Chingerezi choti akafunsire ntchito akadzapita. Ena amafuna kumawerenga okha mauthenga a pafoni ndi zolembedwa pa mabotolo a mankhwala a mbewu, osayenda khomo ndi khomo kufuna wowawerengera.

Wamkulu pa gulu lonselo anali mayi Linily, amene aliyense kuno amawatchula kuti a NyaZgambo. Ndi mayi aja anandisamala nditadwala malungo chaka changa choyamba, amene ankandiphikira phala n'kumandichapira zovala ngati wawo. Msinkhu wawo ndi wanu womwewo, ndiponso ndi amasiye ngati inu. Sukulu analekeza asanadziwe bwino kulemba dzina lawo. Tsiku loyamba atsikana anawaseka, ati agogo akufuna kukakhala sekilitale ku Boma. Iwo anangoyala chitenje chawo kutsogolo kwenikweni n'kukhala.

Chifukwa chawo anandiuza patapita milungu ingapo, tikuchokera kuchigayo. Mwana wawo wamkazi, Ellen, anapita ku Joni kalekale kukagwira ntchito ya m'nyumba. Kumeneko anabereka mwana, dzina lake Charlotte, amene tsopano ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Mwanayo anali asanapondepo ku Malawi, ndipo Chitumbuka sachidziwa ngakhale pang'ono. Ellen akaimba, ankapatsa mwanayo foni kuti apereke moni. Mwana ankangoti halo, agogo n'kuyankhula zawo, mwana n'kukhala chete, kenako ankangomva timapazi tikuthamanga. Anati chimenechi chinkawapweteka kuposa njala. Anati sangafe asanacheze ndi mdzukulu wawo, ngakhale kungomufunsa ngati wadya.

Amayi, sindinaonepo munthu wolimbikira chotere. Foni yawo inali yawoyawo, yowatumizira Ellen, ndipo tinawaikiramo maphunziro onse. Ankaimangirira pa ngodya ya chitenje, NyaFoni akuyankhula, iwo akubwereza uku akupalira, uku akutunga madzi. Anthu odutsa ankaganiza kuti mutu wayamba kuwazungulira. Lilime linkawavuta, mawu ena ankatuluka okhota moti tonse tinkagwa ndi phwete, iwonso n'kumaseka nafe. Koma pofika nthawi yokolola, anali atadziwa kupereka moni, kutchula dzina, kugula zinthu pamsika, kufotokoza matenda kuchipatala, ndi kupempha munthu kuti abwereze ngati sanamve.

Za maphunzirowa sanamuuze Ellen. Anandiletsanso ine kuti ndisaulule. Ellen anali atalonjeza kuti chaka chino pa Khrisimasi abwera ndi mwanayo, ndiye iwo ankafuna kudzawadabwitsa potsika basi. Ankachita kuyeserera pamaso panga mmene adzaimire, ndi mawu amene adzayambe nawo.

Lachitatu lina m'mwezi wa Juni tinali pamalo pathu paja monga mwa masiku onse. Ine ndinali chapatali pang'ono, ndikuthandiza mtsikana wina amene foni yake inakana kuyaka. Foni ya a NyaZgambo inalira. Nambala yake inali ya ku Joni, koma yachilendo. Iwo anazolowera kutsegula sipika chifukwa cha maphunziro, ndiye tonse tinamva mawu a mayi wina akufunsa m'Chingerezi ngati akuyankhula ndi mayi ake a Ellen.

A NyaZgambo anawongola msana n'kutiyang'ana tonse ndi nkhope yowala. Anayankha momveka bwino kuti inde, iwo ndi Linily, ali bwino, kaya iwowo. Amayi a pagulu anaomba m'manja, wina mpaka anaimba nthungululu.

Mayi uja anali bwana wake wa Ellen, ndipo ankayankhula mothamanga, akulira. Pakati pa phokoso lija ndinatolapo mawu akuti ngozi, galimoto, chipatala. Ndinamvanso mawu aja amene Azungu amanena mozungulira akafuna kunena kuti munthu watisiya. Mawu amenewo m'maphunziro athu munalibe. Ndinataya foni ya mtsikana uja n'kuyamba kuthamanga, kuti ndikalande foniyo, ndimve ndekha, kenako tikaitane akuluakulu adzawauze mwaulemu wake monga timachitira. Koma ndisanafike, iwo anali atanena kale chiganizo chimene ndinawabwerezetsa kambirimbiri:

"Please, repeat slowly."

Mayi uja anabwereza. Anasankha mawu osavuta, n'kuwatchula limodzilimodzi ngati mmene amachitira NyaFoni.

"Your daughter is dead."

A NyaZgambo anati, "Thank you," n'kuika foni pamiyendo. Ine ndinagwada patsogolo pawo, ndikufunafuna bodza loti ndiwagwirizire nalo. Iwo anandigwira dzanja n'kunena m'chinenero chawo kuti, "Asambizgi, lekani. Napulika." Ndiye kuti, aphunzitsi, siyani, ndamva.

Anamvadi, Amayi. Munthu woyamba wachilendo kuyankhula naye Chingerezi, ndipo anamva mawu onse popanda womasulira. Kulira anakayambira panjira, titawagwira uku ndi uku.

Ellen anagundidwa ndi galimoto m'mawa akuoloka msewu popita kuntchito. Mchimwene wake, Chikomeni, amenenso ali ku Joni konko, ndiye anayendetsa zonse mothandizidwa ndi anzake a kuno ku Mzimba. Mtembo unachedwa m'njira chifukwa cha mapepala a m'malire. Unafika m'kangolo kokokedwa ndi minibasi, pamwamba pake atamangirira katundu wa anthu ena. Kutsogolo kwa minibasiyo kunatsika kamtsikana kovala jekete yapinki, kachikwama ka kusukulu kali kumsana. Anali Charlotte.

Anthu anali ambiri chomene, monga amanenera kuno. Amayi anamuunjirira mwanayo, wina kumugwira tsaya, wina kumunyamula, onse akulira ndi kumuyankhula Chitumbuka. Iye anangobisala kuseri kwa miyendo ya amalume ake, Chikomeni, amene anabwera naye. A NyaZgambo anali m'nyumba ya siwa, mawu atawathera. Atamubweretsa mwanayo pafupi, anangomuyang'ana. Moni uja anamukonzekera chaka chonse unawakanika.

Maliro atatha, abale anakhala pansi. Bambo wa mwanayo ndi munthu wa dziko lina amene anasowa Charlotte ali wakhanda, ndipo sanalowole. Chikomeni amagona chipinda chimodzi ndi anyamata anzake, mapepala akenso ndi osalongosoka. Anagwirizana kuti mwana atsale ndi agogo ake. Koma kumuuza mwanayo kunamukanika Chikomeni. Tsiku lonyamuka anamunamiza kuti akupita ku Boma kukagula buledi, abweranso madzulo. Sindikumuweruza, nayenso anachoka akupukuta misozi ndi chipewa.

Mwana uja anayamba kudikira. Kukacha ankavala jekete yake, kachikwama kumsana, n'kukakhala pamwala wa m'mbali mwa msewu. Njinga yamoto iliyonse ikamveka ankaimirira. Chakudya ankakana, ankangonyemako mbatata pang'ono. Ana anzake akabwera kudzamuona, ankawatembenukira msana. Atazindikira kuti ine ndimayankhula Chingerezi, anandikakamira ngati nkhupakupa. Ankandifunsa kuti amalume abwera liti, ndiponso kuti sukulu yake ikatsegulidwa amuperekeza ndani. Ine ndinkangomuyankha zozungulira.

Chimene chinkandiswa mtima n'chakuti akagwa kapena akaopa galu, ankathamanga kudutsa agogo ake atatambasula manja, n'kubwera kwa ine. A NyaZgambo ankangobweza manja awo n'kuyamba kukonzakonza duku. Foni ija anali ataiponya m'dengu la nyemba, osaikhudzanso. Gulu lathu nalo linabalalika. Amayi ena ankati malo aja alowa tsoka, ena amuna awo anawaletsa.

Tsiku lina m'mawa ndikusesa pakhomo, ndinawaona akubwera, foni ili m'manja. Ndinaganiza kuti abwera kudzandiuza kuti ndifufute maphunzirowo. Anakhala pakhonde, n'kunena kuti amvetsera maphunziro onse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, koma NyaFoni amangodziwa za kumsika ndi za kudepoti. Sadziwa mmene munthu amanyengererera mwana wamasiye kuti adye. Anandipempha kuti ine ndiziyankhula, foni izijambula mawu anga, iwo azikamvetsera kudimba.

Tinayamba tsiku lomwelo. Iwo ankanena m'Chitumbuka chosakaniza ndi Chichewa chawo chochepa, ine n'kumasulira, n'kusiya mpata woti abwereze. Idyako pang'ono. Madzi ndatenthetsa, bwera usambe. Galuyu saluma. Pakupweteka ndi pati? Bwera ndikuluke tsitsi. Tsiku lililonse ankabwera ndi ziganizo zatsopano zimene zinawasowa dzulo lake. Mwana anayamba kuwayang'ana modabwa. Tsiku lina anawayankha kuti madziwo atentha kwambiri, ndipo iwo anamva. Anabwera kudzandiuza akuthamanga ngati mtsikana.

Kenako anabwera ndi ziganizo zimene ndinkaziopa. Anati mwana sangamakalambire pamwala kudikira buledi. Ndinawapempha kuti ndimuuze ine, popeza ndikhoza kufotokoza bwino ndi kuyankha mafunso ake. Anakana. Anati, "Yewo, asambizgi, kweni mawu awa ngakwenera kufuma mu mulomo wane. Mukamuuza imwe, mbwenu azalilira kwa imwe." Ndiye kuti, zikomo aphunzitsi, koma mawuwa ayenera kutuluka m'kamwa mwanga; mukamuuza inu, azidzalirira kwa inu. Ndinawajambulira mawuwo.

Anawaphunzira sabata yathunthu. Loweruka lapitali masana anandiitana kuti ndikhale pafupi koma ndisatsegule pakamwa. Anali pamkeka akusenda mtedza. Anamuitana Charlotte, namukhazika patsogolo pawo, n'kumugwira manja onse awiri. Anayankhula pang'onopang'ono, osaphonya ngakhale liwu limodzi. Anamuuza kuti amalume anabwerera ku Joni. Anamuuza kuti amayi ake sadzabweranso. Anamuuza kuti kuno ndiye kwawo tsopano, ndipo iwo sadzamusiya.

Mwana sanalire nthawi yomweyo. Anayang'ana mtedza, anayang'ana ine, kenako anafunsa funso mothamanga. Agogo ake sanamve. Ndinaona milomo yawo ikuyamba kupanga chiganizo chija chopempha munthu kubwereza, koma inaima panjira. Sanathe kuchinena. Anangotembenukira kwa ine, ndipo ndinawamasulira. Mwana ankafunsa ngati amayi ake akudziwa kumene anamusiya, popeza kuno n'kutali ndipo iwo sanamutsanzike.

A NyaZgambo anaimirira n'kumugwira dzanja. Manda a banja lawo sali kutali ngati kwathu, ali kuseri kwa munda wa chinangwa. Ndikudziwa kuti inu simukanalola mwana kupita kumeneko, inenso ndinafuna kuletsa, koma ndinangowatsatira. Atafika pamutu pa mtumbira, nkhata zamaluwa zitauma kale, anayamba kuyankhula ndi Ellen m'Chitumbuka kwa kanthawi. Kenako anatsokomola n'kunena mawu amene sindinawajambulire, olumikiza okha:

"Ellen. Charlotte is here. She is with me. She is fine."

Mwana anakwirira nkhope m'chitenje cha agogo ake n'kulira kulira kumene sanalire tsiku la maliro. Anagwa pansi onse awiri atagwirana. Ine ndinabwerera ndekha kudutsa m'chinangwa muja, osaona kumene ndikuponda.

Sindinganame kuti zinthu zakhala bwino. Pamwala paja wasiya kupitapo, koma amakhala nthawi yaitali osayankhula, ndipo dzana anataya mbale ya phala n'kukuwa kuti akufuna kwawo. A NyaZgambo aonda, maso alowa m'kati. Sukulu ikatsegulidwa mwezi wamawa, mwanayu adzalowa m'kalasi momwe ana onse amayankhula chinenero chimene sakuchimva. A bungwe aja nawo atiuza kuti ntchito yawo kuno ikutha chaka chino, ndipo mafoni awo adzatenga.

Tsopano ndafika pa pempho langa, Amayi. Ndikudziwa mmene amalume a Steve anavutikira kupeza mphunzitsi uja wa kuno amene akugwira ntchito ku Dedza, woti ndisinthane naye malo. Ndikudziwa kuti munauza kale anzanu a kumvano kuti Lucia akubwera kudzakhala pafupi, ndiponso kuti munalozera achimwene pamene ndidzamange nyumba. Inenso ndinkawerenga miyezi. Koma ndikupempha kuti mundilole ndikhale kuno chaka china chimodzi, ndipo muwauze amalume kuti apepese kwa mphunzitsiyo m'malo mwanga. Inu akakumverani kusiyana ndi ine.

Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ine ndinabwera kuno ndikudziwa kuti ndine mame. Koma ndikachoka panopa, m'mudzi muno simutsala munthu woti aime pakati pa awiriwa mawu akawathera. Ndikufuna ndimulandire Charlotte m'kalasi mwanga mpaka Chitumbuka chimulowe, ndipo agogo ake akhale ndi kokatenga ziganizo zimene zawasowa. Sikuti ndakuiwalani kapena kuti miyendo yanuyo sindikuiganizira. Ndimaiganizira tsiku lililonse, ndipo zikundipweteka kuti ndikusankha pakati pa amayi awiri. Holide ya Disembala ndidzabwera ndithu, ndipo mukadwala kwambiri achimwene asandibisire.

Inu munaika m'manda achemwali a Marjory, n'kutenga ana awo awiri akuyamwa chala. Ndinali wamng'ono, koma ndimakumbukira mmene munkakhalira nawo pakhonde kuwayankhula mpaka atasiya kulira. Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti ngakhale pa tsoka lotero munali ndi kamwayi kamodzi, koti zimene munkanenazo iwo ankazimva. Ngati pali munthu amene angamvetse chimene ndikupemphachi, ndi inu. Mukakana, ndidzamva, ndipo ndidzabwera. Koma ganizirani kaye musanayankhe.

Mundiperekere moni kwa achimwene a Bestone ndi alamu, ndipo muwathokoze chifukwa chokusamalani pamene ine kulibe. Moni kwa amalume a Steve ndi azakhali, kwa agogo aakazi a kutsidya, ndi kwa amayi onse a kumvano. Ana a malemu achemwali muwauze kuti mayi awo aang'ono akuwasowa kwambiri. A NyaZgambo atamva kuti ndikulembera inu, anati ndikuuzeni kuti yewo chomene chifukwa chowabwereka mwana. Sindinawauze kuti ndinayenera kuchoka mwezi wamawa.

Tsalani bwino, Amayi, Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mwana wanu,
Lucia